Zitsulo Ziwiri, Mpeni Umodzi

Palibe khomo kuno kunyanja kumene kulibe mpeni. Mayi amaufuna m'mawa potumbula chambo, bambo amaufuna pozinga nkhuku kukabwera alendo, ndipo mmisiri wosema bwato sangayambe ntchito asananole zida zake. Komatu tikamacheza m'makomomu, dandaulo limakhala lomwelomwelo. Wina amati mpeni wake umabuntha asanamalize ndi nsomba zisanu zomwe, ndipo akauponda umangopindika ngati lata. Wina amati wake ndi wakuthwa ndithu, koma tsiku lomwe unakumana ndi fupa la mbuzi unabenthuka kukamwa, ndipo lero uli ndi mano ngati sowo. Onse awiri anataya ndalama, ndipo onse awiri akumudzudzula wogulitsa.

Kunena zoona, vuto limeneli ndi lakale kuposa misika yathu yonse. Chitsulo chofewa sichithyoka, koma sichisunga kuthwa. Chitsulo cholimba chimasunga kuthwa, koma sichichedwa kuthyoka. Amisiri a maiko osiyanasiyana, amene sanaonanepo n'komwe, anafika pa yankho limodzi: tengani zitsulo ziwirizo, muzilumikize pamoto, chilichonse chigwire ntchito yake. Yankholi ndi lomveka bwino pakamwa, koma amene anayesapo amadziwa kuti zitsulo ziwiri zosiyana zikafiira ndi kuyamba kumenyedwa, sizimvera nyundo mofanana. M'nkhani ino tikufuna tione zimene zimachitika pamsoko pamene zitsulo ziwiri zakumana, kuyambira pachipala cha m'mudzi mpaka m'mafakitale akuluakulu a kunja.

Kusiyana kwake kuli pa kaboni

Zitsulo zimene timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku si chitsulo chokhachokha ayi. Mumakhala kaboni pang'ono, yemwe ndi chinthu chomwe chija chimene chimapanga makala. Mu chitsulo chofewa, monga cha misomali ndi cha mafelemu a mawindo, kaboni sapitirira magawo 0.25 pa 100 alionse. Mu sipuling'i ya galimoto muli magawo pafupifupi 0.6, pamene mu tupa muli gawo limodzi kapena kupitirirapo pang'ono. Kusiyana kumeneku kukuoneka kochepa, koma ndi kumene kumachititsa kuti tupa izidya msomali, osati msomali kudya tupa.

Chitsulo chikamatenthedwa, mkati mwake mumasintha ngakhale chisanasungunuke. Pa madigiri 727 maatomu ake amayamba kusanjika mwa mtundu wina, ndipo kaboni amasungunukira m'kati mwake monga mchere m'madzi. Cha pa madigiri 770 maginito amaleka kuchigwira, ndipo osula ambiri amagwiritsa ntchito chizindikiro chimenechi pofuna kudziwa ngati moto wakwana. Chitsulo cha kaboni wambiri chikafika pamenepa n'kuviikidwa msanga m'madzi kapena mu oyilo, kaboni uja amasowa mpata wotulukira, amatsekeredwa momwemo, ndipo chitsulo chimauma gwa ngati galasi. Chitsulo chofewa mungachiviike kakhumi, sichilimba kwenikweni, chifukwa mulibe kaboni wokwanira. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Nzeru yakale

Makolo athu sanali alendo pa ntchito ya zitsulo. Yohanna Abdallah, m'buku lake la mbiri ya Ayao limene linasindikizidwa mu 1919, anasimba za Achisi, amisiri osula amene ankayenda ndi makasu ndi zida zina kukasinthanitsa m'maiko akutali, ndipo maulendo amenewa ndi amene anatsegula njira zamalonda. Chitsulo cha nthawi imeneyo chinkatuluka m'ng'anjo zadothi chili chibulumwa chamabowomabowo, chosakanikirana ndi zinyalala za miyala. Kuti chikhale khasu, wosula ankayenera kuchitenthanso ndi kuchimenya mobwerezabwereza mpaka tizidutswa tonse titagwirana. Mbali zina za chibulumwacho zinkakhala ndi kaboni wambiri, zina wochepa, choncho kulumikiza cholimba ndi chofewa inali ntchito ya tsiku ndi tsiku, ngakhale mawu oti kaboni sankadziwika.

Ku Baghdad, katswiri wa maphunziro al-Kindi analemba kabuku ka malupanga m'nthawi ya Khalifa al-Mu'tasim, amene analamulira kuyambira 833 mpaka 842. M'menemo anagawa chitsulo m'mitundu: chachimuna, chimene ndi cholimba ndipo chimamva kuviikidwa, chotchedwa shaburqan; chachikazi, chimene ndi chofewa, chotchedwa narmahan; ndi china chophatikiza ziwirizi. Tikaona bwino, uku ndi kugawa komwe kuja kumene akatswiri a lero amachita poyeza kaboni.

Ku Ulaya nako, makina asanayambe kupanga chitsulo cholimba chambiri m'zaka za m'ma 1800, chitsulo chotere chinali chodula kwambiri. Tsono nkhwangwa ankaipanga ndi chitsulo chofewa, n'kuing'amba kukamwa, n'kulowetsamo kachidutswa ka chitsulo cholimba. Matchizulo ndi mipeni ya pulena ankaimata kachitsulo kolimba mbali imodzi yokha. Akalipentala ndi okhoma maboti amene anasiyiridwa zida zakale ndi makolo awo angathe kuona okha: akanola bwino, pamaoneka kamzere kolekanitsa mbali yowala ndi yotuwa. Kamzere kameneko ndiwo msoko umene tikunenawu.

Zimagwirana bwanji popanda kusungunuka?

Ambiri tikamva za kulumikiza zitsulo timaganiza za owotcherera a pamsika, amene amasungunula zitsulo ndi magetsi. Kulumikiza kwa pachipala ndi kosiyana. Chitsulo chenicheni chimasungunuka pa madigiri 1,538, koma wosula safika pamenepo. Iye amangofuna kuti nkhope ziwiri za zitsulozo zikhale zoyera, zotentha ndi zopanikizana kwambiri, kotero kuti maatomu a mbali ino ayandikane ndi a mbali inayo mpaka aiwale kuti anali a zitsulo ziwiri.

Mdani wamkulu ndi makoko akuda aja amene amayoyoka chitsulo chikatuluka pamoto. Makokowa amabadwa chitsulo chotentha chikakumana ndi mpweya, ndipo akatsalira pakati, zitsulo sizigwirana pamalo amenewo. N'chifukwa chake osula akale ankawaza mchenga wosalala pa chitsulo chofiira, ndipo a masiku ano amawaza ufa wa borax. Zinthu zimenezi zimasungunuka, n'kusungunula makoko aja, n'kuphimba chitsulo kuti mpweya usachifike. Nyundo ikagwa, madzimadzi amenewa amathamanga kutuluka atanyamula litsiro lonse. Ichi n'chifukwa chake nyundo zoyamba zimayambira pakati kupita m'mphepete, ndipo zimakhala zopepuka ndi zofulumira. Mukayambira m'mphepete, mwatsekera litsiro m'kati. Mukayamba ndi mphamvu zonse, zidutswazo zimaterereka n'kusemphana zisanagwirane.

Vuto loyamba la zitsulo zosiyana limaonekera pompano. Chitsulo chofewa chimafuna moto waukulu, woti chifike poyera, cha m'ma madigiri 1,300. Chitsulo cha kaboni wambiri chimalumikizika pa moto wocheperapo, chikadali chachikasu, ndipo mukachifikitsa poyera chimayamba kuthetheka ndi kupsa, kenaka n'kumanyenyeka pansi pa nyundo ngati chigumu. Choncho wosula ali ndi alendo awiri pa mbale imodzi, wina wofuna nsima yotentha, wina yozizirirapo. Wodziwa ntchito amaika chofewa kumunsi kumene mvukuto ukuuzira, cholimba pamwamba, ndipo diso lake silichoka pa mtundu wa moto. Mpata woti zonse ziwiri zikhale zokonzeka ndi waufupi zedi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi

Tinene kuti zagwirana. Ntchito sinathe, chifukwa tsopano chitsulocho chiyenera kutambasulidwa kuti chikhale mpeni kapena nkhwangwa. Amayi amene amakonza samusa adzamvetsa msanga zimene zimachitika. Tayesani kusanjikiza mtanda wofewa pa mtanda wouma, n'kuzipsinja pamodzi ndi botolo. Wofewa uja umathawira m'mbali, umapyapyala msanga, pamene wouma umatsalira, ndipo mukakakamiza umang'ambika. Zitsulo zofiira zimachita chimodzimodzi. Chimodzi chimayenda msanga pansi pa nyundo, china chimakanika, makamaka chikakhala ndi zosakaniza zina monga chromium amene ali mu masipuling'i ambiri.

Popeza zitsulozo zamangidwa pamodzi, chofulumira chimakoka chochedwa, ndipo chochedwa chimabweza chofulumira. Kukokana konseku kumagwera pamsoko. Pamene pali miyalo iwiri yokha, chitsulo chimapindika, chofewa chili kunja kwa uta chifukwa ndicho chatalika kwambiri. Pamene muyalo wolimba uli wopyapyala pakati pa miyalo yofewa, umayamba kuonda malo ena ndi kunenepa malo ena, msoko n'kukhala wokhotakhota ngati mafunde, ndipo mukapitiriza moto utachepa, muyalo wolimbawo umaduka m'zidutswazidutswa m'kati mosaoneka. Pamene msoko unali ndi kachilema, kukokanako kumakakulitsa mpaka miyalo itasiyana ngati masamba a buku lonyowa.

Kusiyana kwa zitsulo ziwirizi kumakula pamene moto ukuzirala. Zikakhala zachikasu, zonse ndi zofewa ndipo zimayendera limodzi. Zikafika pofiira moderapo, cholimba chija chaumiratu pamene chinzake chikuyendabe. N'chifukwa chake lamulo la osula onse ndi loti chitsulo chophatikiza chisulidwe chili chotentha kwambiri, ndipo chikayamba kuda chibwerere pamoto, ngakhale makala akudula. Wofuna kupulumutsa makala amataya mpeni.

Amene amapanga mpeni wa miyalo itatu, cholimba pakati ndi zofewa m'mbali, ali ndi lamulo linanso. Nyundo zimene zagwa mbali ino ziyenera kufanana ndi za mbali inayo. Chosulirapo, kaya ndi chidutswa cha njanji, chimayamwa kutentha kwa mbali imene yagonapo, kotero mbali imeneyo imauma msanga. Wosula akapanda kutembenuza kawirikawiri, muyalo wapakati umasendera mbali imodzi, ndipo tsiku lonola, kukamwa kwa mpeni kudzagwera pa chitsulo chofewa. Mpeni wotero ungaoneke bwino chotani, sudzadula.

Komatu kumenyako kuli ndi ubwino wake waukulu. Chitsulo chimapangidwa ndi tinjere ting'onoting'ono topanikizana, tosaoneka ndi maso. Chikamenyedwa chili chotentha, tinjereto timaphwanyika, ndipo pompo pamabadwa tina tatsopano, tating'ono ndi tolimba. Tinjere tatsopanoti sitilemekeza malire akale. Timamera modutsa msoko, mbali ina mu chitsulo ichi, mbali ina mu chinzake. Timakoko timene tinatsalira timasweka n'kumwazikana, ndipo chitsulo choyera chimakumana ndi choyera chinzake. Choncho kumenya kumene kungang'ambe msoko moto ukachepa, ndi komwenso kumaulimbitsa moto ukakwana. Kawirikawiri, chitsulo chikapyapyalitsidwa kwambiri chili chotentha, msoko wake umalimbanso kwambiri.

Kaboni sakhala malo amodzi

Pali chinthu china chimene chimachitika mwakachetechete nthawi yonse imene chitsulo chili pamoto. Maatomu a kaboni ndi aang'ono kwambiri, ndipo chitsulo chikatentha amayenda m'mipata ya maatomu anzawo, kuchoka kumene ali ambiri kupita kumene ali ochepa. Pa madigiri 1,200, mu ola limodzi lokha kaboni angathe kuyenda mtunda wopitirira theka la milimita. Pa nkhwangwa yochindikala zimenezi si zodetsa nkhawa, ndipo zimathandiza, chifukwa kulimba kumatsika pang'onopang'ono kuchoka pa chitsulo china kufika pa chinzake m'malo mosintha mwadzidzidzi. Koma pa mpeni umene muyalo wake wolimba ndi wa milimita imodzi kapena ziwiri, kuchedwa pamoto ndi kuba. Kaboni amathawira m'mbali, ndipo chotsala pakati sichikhalanso chitsulo cholimba chimene munaikamo.

Izi zikutithandiza kumvetsa nkhani ya kupinda. Wosula akatambasula chitsulo, n'kuchipinda pakati, n'kuchilumikizanso, miyalo imawirikiza kawiri. Akapinda kakhumi, muyalo umodzi wasanduka miyalo 1,024. Akapinda ka 15, yafika 32,768. Ngati chitsulocho ndi chochindikala mamilimita 10, ndiye kuti pa kupinda kwachikhumi muyalo uliwonse ndi wopyapyala kuposa tsitsi, ndipo kaboni amaudutsa m'kanthawi kochepa. Pamenepo zitsulo ziwiri zija zasanduka chimodzi cha kaboni wofanana ponseponse. Amisiri a malupanga a ku Japan ankapinda chitsulo chawo chotchedwa tamahagane pa chifukwa chimenechi: kufananitsa kaboni ndi kufinya zinyalala. Kuchuluka kwa miyalo pakokha sikunoletsa mpeni, ngakhale otsatsa malonda amakonda kutchula nambala zikuluzikulu.

Zosakaniza zina, monga nickel ndi chromium, maatomu ake ndi aakulu ndipo amayenda pang'onopang'ono zedi. N'chifukwa chake kris, mpeni wotchuka wa ku Indonesia ndi Malaysia, umaonetsa mizere yowala yotchedwa pamor. Amisiri ake, otchedwa empu, amasanjikiza chitsulo wamba ndi chitsulo cha nickel, chimene nthawi zina chinkachokera ku miyala yogwa kuchokera kumwamba, ndipo nickel amakhala pomwe anaikidwa ngakhale apinde kangati. Bungwe la UNESCO linalemekeza luso la kris mu 2005.

Tsiku la madzi

Mayeso otsiriza amabwera poviika. Chitsulo cholimba chikauma m'madzi chimafufuma pang'ono, pamene chofewa chimangofota monga chimachitira chinthu chilichonse chikazizira. Zinthu ziwiri zomangidwa pamodzi, china chikufufuma, china chikufota, ndipo zonsezi zikuchitika m'kuphethira kwa diso. Ngati pamsoko panali chilema, apa ndi pamene chimalira, ndipo wosula amamva kaphokoso kakang'ono m'madzimo kamene kamamuuza kuti ntchito ya masiku angapo yapita.

Lupanga la ku Japan ndi chitsanzo chabwino. Mwa njira imodzi yodziwika, mtima wake umakhala wa chitsulo chofewa, ndipo chitsulo cholimba chimaukuta ngati chikopa. Asanaviike, mmisiri amamata dothi lochindikala kumsana ndi lopyapyala kukamwa, kuti kukamwa kuzizire msanga ndi kuuma, msana uzizire mochedwa ndi kukhala wofewa. Likalowa m'madzi, lupangalo limayamba lapindikira kukamwa, kenaka n'kubwerera n'kupindikira kumsana. Mbali yaikulu ya kukhota kokongola kumene timaona pa zithunzi kumachokera pa kukokana kumeneku. Mipeni ya kukhitchini ya ku Japan ya miyalo iwiri nayo imatuluka m'madzi itapindika, koma popeza mbali yaikulu ndi yofewa, mmisiri amatha kuiwongola ndi kanyundo popanda kuithyola. Mpeni wa chitsulo cholimba chokhachokha sungalole zimenezo.

Pambuyo pa madzi, chitsulo chimabwezedwa pa moto wochepa kuti ukali wake utsike. Chikapukutidwa, chimaonetsa mitundu: mtundu wa udzu wouma cha pa madigiri 230, umene ndi woyenera mipeni, ndi mtundu wobiriwira ngati thambo cha pa madigiri 300, umene ndi wa masipuling'i. Mpeni uja unabenthuka pa fupa la mbuzi uyenera kuti sunabwezedwe mokwanira.

M'mafakitale vuto ndi lomweli

Wina angaganize kuti izi ndi nkhani za m'midzi ndi za malupanga akale. Ayi ndithu. Mu 1913, Harry Brearley wa ku Sheffield, ku England, anapanga chitsulo chosachita dzimbiri, chimene chimakhala ndi chromium wosachepera magawo 10.5 pa 100. Mtundu wake wofala, wa masupuni ndi masinki, uli ndi magawo 18 a chromium ndi 8 a nickel. Chitsulochi ndi chodula, tsono pomanga matanki akuluakulu a m'mafakitale oyenga mafuta, mapaipi a gasi, ndi makina ochotsa mchere m'madzi a m'nyanja yaikulu monga a ku Saudi Arabia, akatswiri amachita zomwe ankachita wosula nkhwangwa uja. Thupi limakhala la chitsulo wamba, chimene chimasenza katundu, ndipo kumaso kokha, kumene kumakhudza madzi kapena mankhwala, ndiko kumakhala muyalo wosachita dzimbiri, kawirikawiri gawo limodzi kapena awiri pa magawo khumi a kuchindikala konse.

Kumeneko nyundo yake ndi zigudumu zikuluzikulu ziwiri zimene zimafinya chitsulo chofiira chikamadutsa pakati pake. Makoko a chromium ndi ouma kwambiri ndipo sachoka ndi mchenga, choncho nkhope ziwirizo amazipala mpaka mbee, amawotcherera m'mphepete monse, amapopa mpweya wonse wa pakati, kenaka n'kutenthetsa mpaka cha m'ma madigiri 1,200. Pa moto umenewu chosachita dzimbiri ndicho cholimba, kotero chitsulo wamba chimatambasuka kwambiri ndipo chimbale chonse chimafuna kupindika potuluka m'zigudumu. Pozizira napo pali nkhondo ina. Ndodo ya mita imodzi ya chitsulo wamba imatalika pafupifupi mamilimita 1.2 pa madigiri 100 alionse, pamene ya chosachita dzimbiri imatalika pafupifupi 1.7, ndipo pozizira zimafota mosiyana chimodzimodzi. Pofuna kuthana ndi zimenezi, amasanjikiza zimbale ziwiri moyang'anizana, zosachita dzimbiri zili m'kati, n'kupakapo mankhwala oti zisamatane. Kukoka kwa pamwamba kumalimbana ndi kukoka kwa pansi, mtolo wonse umatuluka wowongoka, kenaka amadula m'mphepete n'kulekanitsa.

Kaboni nayenso amasautsa kumeneko. Chromium amakoka kaboni kwambiri, kotero kaboni amachoka mu chitsulo wamba n'kulowa mu chosachita dzimbiri. Mbali imene wachokayo imatsala yofooka, ndipo mbali imene walowayo imauma, chromium wake n'kumangidwa ndi kaboni m'malo moteteza chitsulo ku dzimbiri. Izi zimachitika makamaka chitsulo chikachedwa pakati pa madigiri 450 ndi 850. Mankhwala ake ndi kusankha zitsulo za kaboni wochepa, kuziziritsa mofulumira podutsa pa madigiri amenewa, kapena kuika kapepala ka nickel pakati kuti kakhale mpanda. Palinso njira ina imene kampani ya DuPont ya ku America inakhazikitsa m'zaka za m'ma 1960, yolumikiza zimbale ndi zophulitsa. Chimbale chapamwamba chimamenyetsedwa pa chinzake mwa liwiro loopsa, ndipo zimagwirana kaboni asanapeze nthawi yoyenda.

Popeza tanki yotere ikang'ambika anthu amafa, chimbale chilichonse chimayesedwa. Amachipima ndi makina otumiza phokoso m'kati mwa chitsulo kuti apeze pamene sipanagwirane, amadulako kachidutswa n'kukapinda, ndipo amayesa kukankha muyalo wapamwamba kuti usiyane ndi wapansi. Mulingo wa ku America wotchedwa ASTM A264 umafuna kuti kamalo kalikonse ka milimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi kapirire mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 14.

Nanga chitsulo cha Damascus?

Ambiri tamvapo za malupanga a Damascus, a mizere yonga madzi oyenda. Tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Malupanga enieni akalewo sanali a miyalo yolumikiza. Ankasulidwa kuchokera ku chitsulo chotchedwa wootz, chimene chinkasungunulidwa m'timiphika tadothi totseka ku India ndi ku Sri Lanka, ndipo chinali ndi kaboni wambiri, pakati pa gawo limodzi ndi awiri pa 100. Mizere yake inkabadwa m'kati mwa chitsulo chimodzi, pochisula mosamala pa moto wochepa. Lusoli linazimirira m'zaka za m'ma 1800. Mu 1998, John Verhoeven ndi Alfred Pendray a ku America, pamodzi ndi mnzawo, anaonetsa kuti tizosakaniza tochepa zedi, makamaka vanadium, timene tinali mu miyala ya kumeneko, ndito tinkathandiza kuti mizereyo ipangike.

Mipeni imene ikugulitsidwa lero ndi dzina la Damascus yambiri ndi ya miyalo yolumikiza, luso limene Bill Moran wa ku America analitchukitsanso mu 1973. Yopangidwa bwino ndi mipeni yabwino ndithu. Koma ilipo ina yopangidwa ndi zitsulo zotolatola, ndi inanso imene mizere yake inangojambulidwa pamwamba ndi asidi, moti mukanola kawiri imafufutika. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zoti tikumbukire pakhomo

Osula athu ambiri masiku ano amapanga nkhwangwa ndi zikwanje kuchokera ku sipuling'i yathunthu, chifukwa zitsulo za magalimoto akutha zimapezeka, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Koma kaya chida ndi cha chitsulo chimodzi kapena ziwiri, pali zinthu zingapo zimene zingapulumutse ndalama zathu.

Pogula, tiyang'ane chidacho padzuwa. Kamzere kowala kapena kotuwa kotsata kukamwa si vuto, koma kamzere kakuda kolowa chikhadabo ndi msoko umene sunagwire, ndipo udzatseguka. Tichikoloweke pa chingwe n'kuchigogoda: chabwino chimalira nthawi yaitali, chong'aluka chimangoti phwa. Ngati mwini wake alola, tiyese ndi tupa. Kukamwa kolimba bwino tupa imangoterereka kapena kudya pang'ono chabe, koma ikadya ngati ikudya msomali, chida chimenecho tidzakhalira kunola.

Ponola pa makina a magetsi, tisalole kuti kukamwa kusinthe mtundu. Kukabiriwira, ndiye kuti kwapitirira moto umene wosula anakupatsa, ndipo kulimba kwachoka. Tiziviika m'madzi pafupipafupi, kapena tibwerere ku mwala wathu wonolera. Chimodzimodzinso pokhomera nkhwangwa kapena khasu pa mpini watsopano: tizitenthetsa msuka wokha, kukamwa titakukulunga ndi chiguduli chonyowa kapena titakukwirira m'dothi lonyowa. Ambiri timaponya nkhwangwa yonse pamoto, kenaka n'kumati wosula anatinyenga.

Kwa achinyamata amene akuphunzira ntchitoyi, tikuti tetezani maso, chifukwa borax wosungunuka amathovoka kutali pa nyundo yoyamba. Musaike pamoto mapaipi ndi malata okutidwa ndi zinc, pakuti utsi wake woyera umadwalitsa. Ndipo musanyoze mdala wa pachipala amene sanapite kusukulu. Zimene akatswiri amayeza ndi makina m'mafakitale a kunja, iye amaziwerenga pa mtundu wa moto ndi kuzimva m'dzanja pamene nyundo yagwa. Ngati kwanuko alipo wotero, pitani mukamupopere mvukuto akadali moyo, ndipo mukamufunse chifukwa chimene amabwezera chitsulo pamoto pamene inu mukuona ngati chikadali chofiira.